Adzukulu a Mkamwini

Kwathu, pakati pa Domwe ndi ku Vila kumene ana a lero akuti ku Ulongwe, anthu odyera kumanda alipo a mitundu iwiri yokha: adzukulu, amene amakumba manda ndi kuika maliro, ndi afiti. Ine sindinali mdzukulu, pakuti mkazi sagwira khasu la kumanda. Ndiye pamene ndinayala mafuwa atatu pambali pa mtumbira wa amuna anga n'kuyamba kugulitsa chakudya, anthu sanavutike kundipezera dzina. Ananditcha mfiti nyengo yonse yachisanu imeneyo, ndipo dzinalo silinandigulule ngakhale dzino limodzi.

Amuna anga anali mlendo. Anachokera kumunsi, ku Nyungwe kotentha kuja, atabwera ndi anzawo kudzacheka matabwa. Anzawo anabwerera, iwo n'kutsala pa chikamwini chifukwa cha ine. Chinyanja chathu anachiyankhula mopotoka mpaka tsiku lawo lomaliza, ndipo chisanu chakuno sanachizolowere. Udzu ukayamba kuyera m'mawa, ankakhala pamoto osasuntha, ana akuwaseka. Tinabereka ana awiri. Chifuwa chinawatenga patangopita zaka zochepa nkhondo ya azungu itatha. Uthenga tinatumiza kwawo, koma kaya unafika kaya unathera m'njira, palibe amene anabwera.

Mwini mbumba kwathu anali amalume, mlongo wa amayi anga. Sanali munthu woipa, anali munthu wamantha, ndipo nthawi zina ziwirizi zimabala zipatso zofanana. Iwo anati msitu wa manda ndi wa mtundu wathu, mlendo akagona pakati pa makolo mizimu idzafunsa kuti uyu ndani. Choncho amuna anga anaikidwa kunja kwa mitengo, paudzu, pafupi ndi kanjira ka ngolo. "Pano si pamanda penipeni," anatero amalume, "koma agona bwino ndithu." Ndinali namfedwa, sindikanatsegula pakamwa. Mawuwo ndinangowasunga monga timasungira mbewu pautsi.

Chinatha chaka, tsitsi lomwe ndinameta linamera. Kenaka kunamveka kuti kanjira ka ngolo kaja kakuzidwa, kakhale msewu wa makamiyao, magalimoto akuluakulu onyamula mbatata ya kachewere kupita ku Vila. Ntchito yake inali ya shibalo, yokakamiza ndi yopanda malipiro. Asipayi, apolisi akuda a Apwitikizi, ankagwira amuna m'midzi, kuwapatsa mapiki ndi mafosholo, n'kuwagoneka m'misasa kudambo. M'mawa wina ndikupita kumunda ndinaona zikhomo zopaka njereza zitandandalika kukwera chitunda. Ndinaziyang'ana mpaka maso anga anafika pa chimodzi chimene chinakhomedwa pamtumbira pa amuna anga, cha kumutu.

Ndinachizula n'kuchiponya kutchire. Mawa lake ndinapeza china, ndinazulanso. Tsiku lachitatu ndinapeza mwini zikhomo akundidikira. Anali kapitawo wa ntchitoyo, munthu wakuda ngati ine, wovala nsapato ndi chipewa, chikoti chili m'manja. Atatsegula pakamwa ndinamva kuti lilime lake linali lopotoka ngati la amuna anga.

"Mayi, mukazula pomwe, mukagona ku positu," anatero, kutanthauza kuti ndikazulanso akanditsekera kundende ya boma.

"Apa pali munthu," ndinamuuza.

"Msewu suona munthu."

Ndinathamangira kwa amalume. Ndinawapeza akusoka mphasa, ndipo nkhani anali ataimva kale, pakuti sanadzutse mutu.

"Iwe mwana iwe, mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ukufuna tonse tikathere ku shibalo chifukwa cha mafupa a eni ake?"

"Mame amenewo, amalume, anakusiyirani adzukulu awiri. Ndidzawauza kuti bambo wawo ali kuti? Pansi pa matayala?"

Anapitiriza kusoka mphasa yawo. Ndinabwerako nditakwiya, ndipo ndinadziwa kuti m'mudzi monse palibe amene adzaimirire chifukwa cha mkamwini wakufa.

Nzeru ya mphika siinabwere ngati nzeru, inabwera ngati liuma. Ndinaona kuti mkazi wongokhala m'mbali mwa msewu, asipayi amuthamangitsa. Koma mkazi wophika, pamene pakudutsa amuna anjala, ndani angamuthamangitse? Ntchito inali idakali kumunsi kwa chitunda, komabe anthu a shibalo ankadutsa pomwepo popita ndi pochokera kumisasa yawo, ngolo nazo zinkadutsa. Ndinadula mitengo ndekha, ndinamweta udzu ndekha, n'kumanga chisakasa chophimba mtumbira ndi mafuwa omwe. Nsanamira imodzi ndinaizika pa dzenje lenileni la chikhomo cha kapitawo. Ndinakokerapo chipika chokhalira, n'kutenga mbale zinayi zimene ndinali nazo. Chakudya chake chinali kachewere wophika pamodzi ndi nyemba, anyezi ndi tsabola, komanso thobwa mumtsuko.

Masiku awiri oyamba ndinaphikira ntchentche. Amuna a shibalo ankafika pafupi, fungo likuwakoka mphuno, koma akaona mtumbira ankalambalala, ena akulavula malovu. Chakudyacho tinkadya ndi ana anga kunyumba.

Woyamba kudya anali woyendetsa ngolo wochokera cha ku Domwe, amene sankadziwa kanthu. Anaimika ng'ombe zake, anadya mbale imodzi, n'kuitanitsa ina, atatsamira bwinobwino pamtumbira. Atakhuta anayamba kucheza.

"Mayi, mzere waukulu chotere m'chisakasa mwabzalapo chiyani?"

"Si mzere umenewo, bambo. Mwatsamira amuna anga."

Sindinaonepo munthu wokhuta akudumpha choncho. Chipewa anachisiya pomwepo, ng'ombe zosalakwa zinalandira zikoti mpaka kutsetsereko. Pofika madzulo nkhani inali itafika midzi itatu, ndipo m'mudzi wachitatu ndinali nditamudyetsa kale chala cha munthu.

Ndinaseka, koma zotsatira zake sizinali zoseketsa. Kuchitsime amayi a m'mudzi ankandipatsa malo ambiri kuposa amene ndinkafuna. Mng'ono wanga weniweni anasiya kudzapala moto kwathu. Mwana wanga wamkazi anabwera akulira kuti anzake amukana pamasanje, akuti ndiwo za kwawo n'zokayikitsa. Zimenezo zinandipweteka kwambiri, ndipo tsiku limenelo ndinatsala pang'ono kugwetsa chisakasacho. M'malo mwake ndinapempha mlamu wanga kuti andiphere nkhumba yanga. Nyama ndinaithira mu kachewere, mutu wake ndinaupachika pansanamira, moyang'ana kumsewu, kuti aliyense wodutsa aone mwini nyamayo ndipo ngati ali ndi funso amufunse yekha.

Amalume anabwera mutu wa nkhumba udakali pomwepo. Anaima patali, sanalowe mumthunzi.

"Watichititsa manyazi! Munthu n'kuphika pamanda? Wasanduka chiyani iwe?"

Mbewu ija ndinaitsitsa pautsi. "Amalume, munanena nokha kuti pano si pamanda penipeni. Ngati si pamanda, ndisiyeni ndiphike. Ngati ndi pamanda, pitani mukauze kapitawo kuti msewu sudutsa pamanda. Sankhani chimodzi, ine ndimvera."

Anatembenuka n'kubwerera kumudzi. Sanasankhe, ndipo ine ndinapitiriza kusonkhezera moto.

Pakati pa anthu a shibalo panali nkhalamba ina yaifupi, ya khutu long'ambika. Asipayi anaigwira m'malo mwa mwana wake amene anathawira ku Nyasalande. Ndinkaiona ikudutsa kumbuyo kwa anzake, ikutsimphina, maso ali pamphika. Tsiku lina masana inapatuka, inalowa m'chisakasa, n'kukhala pachipika ngati pakhomo pake. Anzake anaima kumsewu atagwira pakamwa.

"Mayi, pakulani," inatero.

"Agogo, mukudziwa pamene mwakhalapo?"

"Ine? Kwathu ndine mdzukulu. Ndayamba kudyera kumanda ndevu zisanamere. Nkhuku zimene ndadyera pamitumbira, mutazidzutsa zonse, mudzi uno simungagone ndi kulira kwa atambala. Koma mverani, mdzukulu sadya chaulere. Ndalama ndilibe, wa shibalo aitenga kuti? Ndipatseni ntchito ya pamanda pano, kenaka ndidye."

Ndinayang'ana uku ndi uku. Udzu ndinali nditazula kale, kusesa ndinali nditasesa. Ndinangoti, "Mvula ikadzabwera idzakokolola dothi. Bweretsani mwala."

Inatuluka, inakasankha mwala pa imene anakumba mumsewu, n'kudzauika kumutu kwa mtumbira. Kenaka inachita chinthu chimene sindinachiyembekezere. Inamenya mtumbirawo ndi chikhatho n'kunena mokweza kuti, "Iwe Mnyungwe iwe, ulesi bwanji? Anzako tikuswa miyala, iwe uli gone pamthunzi, mkazi akukuphikira pamphuno! Sendera uko, ndikhale."

Amene si wakwathu angaone ngati chipongwe. Koma kwathu mdzukulu ndiye ali ndi ufulu wonyoza wakufa ndi ofedwa omwe, ndipo maliro opanda nthabwala za adzukulu ndi maliro a munthu wopanda abale. Pa maliro a amuna anga adzukulu anakumba mwakachetechete, anakwirira mwakachetechete, n'kumapita, chifukwa sankadziwa choti awanyoze nacho. Tsiku limenelo ndi pamene amuna anga ananyozedwa koyamba monga munthu wakwathu. Ndinaseka misozi ikutuluka, mpaka sindinadziwe kuti ndikuseka kapena ndikulira. Mbale ndinaidzaza mpaka kusefukira.

Mawa lake nkhalamba ija inabwera ndi anzake awiri, aliyense atanyamula mwala. Inawauza kuti amene wagwira ntchito pamanda ndi mdzukulu, ndipo mdzukulu akadyera pamanda palibe mlandu. Kaya lamulo limeneli linalipo kale kaya inalipanga yokha chifukwa cha njala ya anzake, ine sindinafunse. Sabata isanathe, masana aliwonse chisakasa chinkadzaza, ena akudyera panja, mbale zinayi zija zikuzungulira. Mwala umodzi, mbale imodzi. Oyendetsa ngolo ataona kuti anthu akudya osafa, nawonso anayamba kuima. Iwo ankasiya kachewere, nyemba kapena mchere, koma mwala sankaukhululukidwa. Wangolo yemwe anathawa uja anabwera kudzatenga chipewa chake, ndipo anzake anamunyamulitsa miyala iwiri.

Amuna anga anamva zambiri miyezi imeneyo. Anthu a shibalo ankawafunsa ngati kumene aliko kukutentha ngati kwawo. Ankawadandaulira za kapitawo, kuti m'bale wako uyu watitha. Wina ankawathirira thobwa pang'ono pansi asanamwe, wina n'kukalipa kuti musamuzoloweze, mawa adzafuna ndi nyama yomwe. Mulu wa miyala unakula mpaka kufika m'chiuno, ndinachita kukweza denga. Nkhokwe yanga inkatsika, manja anga anang'ambika ndi madzi ozizira, koma sindinadandaule. Chimene chinkandidya mtima chinali phokoso la mapiki, limene tsiku lililonse linkamveka pafupi kuposa dzulo lake.

Kapitawo sanadyepo. Ankadutsa, kuyang'ana mulu wa miyala, kuyang'ana ine, n'kumapita.

Tsiku linafika. Msewu unali utafika poti munthu ataponya mwala ukhoza kugwa pachisakasa. M'mawa umenewo kunabwera mzungu woyang'anira ntchito, pa kamiyao, ndi asipayi awiri. Ine ndinali nditayatsa kale moto. Ana ndinawasiya kwa mng'ono wanga, amene anawalandira osandiyang'ana kumaso. Ndinakhala pachipika, chipande chili m'manja, nditatsimikiza kuti andichotsa pomwepo chonyamula.

Mzungu analoza chisakasa ndi ndodo yake n'kulankhula mawu ochepa. Kapitawo anatembenukira kwa anthu. "Gwetsani ici. Miyala iyende m'msewu. Cimbizani, msanga!"

Palibe amene anasuntha. Anabwereza, chikoti chikulira m'mwamba. Pamenepo nkhalamba ija inatsogola, inaika piki yake pansi mofatsa, n'kunena kuti, "Akapitawo, ine sindingathe. Ndine mdzukulu wa amene wagona apayu. Dzanja limene laika mwala pamanda silichotsanso."

Kumbuyo kwake wina anati, "Inenso ndine mdzukulu." Wina nayenso chimodzimodzi. Sanakuwe, ena ankanena maso ali pansi, pakuti onse ankaidziwa mbalamatodya, thabwa lobowola lija lomenyera m'manja ku positu. Koma mapiki anagona pansi imodziimodzi mpaka panalibe amene anagwira chitsulo. Anali amuna oposa makumi atatu.

Mzungu anafiira, anafunsa kapitawo kuti anthuwa akuti chiyani. Kapitawo anavula chipewa n'kuyamba kumasulira. Chipwitikizi sindinkachimva, koma ndinagwira liwu limodzi limene linkabwerabwera: netu, netu. Mzungu anabwereza liwulo modabwa, n'kuloza anthu onse aja ndi ndodo, kuyambira woyamba mpaka wotsiriza. Kapitawo anavomera ndi mutu. Mzungu anayandikira, anasuzumira m'chisakasa, anayang'ana mulu wa miyala uja nthawi yaitali. Kenaka anatukwana, anayenda mapazi angapo cha kumadzulo, n'kukanda mzere watsopano pansi ndi ndodo yake. Zikhomo anazizula n'kuzikhoma kumeneko.

Tanthauzo la liwu lija ndinalimva patapita masiku, kwa mphunzitsi wina wa ku Fonte Boa amene anaima kudzamwa thobwa. Anati netu ndi mdzukulu, koma mdzukulu wa kubadwa, mwana wa mwana wako. Chipwitikizi chilibe mdzukulu wa kumanda. Ndiye kuti mzungu uja anamva kuti pansi pa miyala ija pagona munthu amene adzukulu ake oposa makumi atatu aima pamaso pake, ndipo anaganiza kuti ameneyu ndi kholo la dziko lonse lino, kumufukula n'kuputa mavu. Amuna anga, mkamwini wocheka matabwa, amene anakanizidwa malo pakati pa mitengo! Ndinaseka mpaka mphunzitsiyo anaganiza kuti zimene ankamva za ine n'zoona.

Kapitawo ndinamufunsa tsiku lina akudutsa, ngati analakwitsa kumasulira kapena anachitira dala. Anandiyang'ana ndi nkhope yake youma ija. "Cinyanja canu n'cakunesa, mayi," anatero, kutanthauza kuti n'chovuta. Anayenda pang'ono, n'kutembenuka kundifunsa dzina la mudzi wa kwawo kwa malemuwo. Nditamuuza, anangogwedeza mutu n'kumapita. Mpaka lero sindidziwa ngati anachitira dala.

Msewu unakhota, ndipo ndi wokhotabe. Oyendetsa magalimoto amatukwana akafika pamenepo, amati amene anaulemba anali ataledzera. Amalume sanabwere kudzapepesa, ine sindinawadikirenso. Anthu a m'mudzi anasiya pang'onopang'ono kunditcha mfiti, osati chifukwa anachita manyazi, koma chifukwa anapeza wina womunena.

Koma ntchito ya azungu siinkaima theka la tsiku popanda wina kulipira ndi thupi lake. Tsiku lomwe lija asipayi anatenga nkhalamba ija, poti ndiyo inayamba kuika piki pansi, n'kupita nayo ku positu. Masiku anayi sindinaione. Ndinkaphika, ndinkapakula, anthu ankadya mwakachetechete, palibe amene ananyoza amuna anga. Ndinadziimba mlandu kwambiri. Ndinateteza mafupa a wakufa ndi manja a munthu wamoyo, munthu amene ngakhale mudzi wa kwawo sindinkaudziwa.

Tsiku lachisanu masana ndinaiona ikukwera chitunda yokha, pang'onopang'ono. Manja inawanyamula patsogolo, atatupa ngati maungu, zala zosapindika, zikhatho zitang'ambika. Inkayenda modabwitsa, kuima, kukankha chinthu ndi phazi, kuyendanso. Ndinathamanga kukaichingamira.

"Agogo, bwerani mukhale. Ndikudyetsani ndi dzanja langa. Lero za mwala ziiwaleni."

"Chokani apo, mayi, mukunditsekera njira," inatero.

Ndinayang'ana pansi. Inali ikugubuduza mwala ndi phazi, waung'ono ngati chibakera, kuchokera kumunsi kwa chitunda. Ndinafuna kuutola, inandikalipira. Inaukankha choncho mpaka m'chisakasa, mpaka unagunda miyala inzake. Kenaka inakhala pachipika, ikupuma movutikira, n'kutembenukira kumtumbira.

"Iwe Mnyungwe iwe," inatero, "taona zimene wandichititsa. Ndipo usaganize kuti ndabwerera iwe. Ndabwerera kachewere."

Ndinapakula, ndinauzira kuti azizire, n'kuyamba kuidyetsa.